Mutu 6: Khungu Lotsalira Pathaulo

1. Loweruka kusaluni

Dzina loti Katsabola anamupatsa ndi bambo ake ali ndi zaka zinayi, chifukwa pakamwa pake pankatuluka mayankho owawa. Dzinalo anakula nalo mpaka kufika Fomu 3, ndipo ankalikonda. Koma panali dzina lina limene sankafuna kulimvanso. Kupulayimale anyamata ankamutcha Makala.

Tsopano panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chiyambireni kudzola mafuta oyeretsa khungu. Anamupatsa ndi Dona, mtsogoleri wa kagulu kawo ka atsikana anayi ovina pasukulu. Mafutawo ankabwera m'kabotolo kopanda cholembedwa chilichonse. Anali achikasu, onanda ngati guluu. Katsabola ankadzola m'mawa ndi madzulo ali m'bafa, akatero n'kubisa botolo m'sokosi yakale kuseri kwa sutikesi.

Ndipo mafutawo ankagwiradi ntchito. Amayi ake anali telala, ndiye makasitomala obwera kudzasoketsa zovala ankati akamuona, "Koma mwana wanuyu akuwalatu masiku ano! Mukumudyetsa chiyani?" Amayi ankangoseka, mapini ali kukamwa, n'kuyankha kuti, "Ndi kukula kumeneko."

Loweruka limenelo Katsabola anapita kusaluni kukalukitsa tsitsi, poti Lachisanu lotsatira kunali chionetsero chotsekera teremu ndipo kagulu kawo kanali koti kavine. Saluniyo inali ya chipinda chimodzi: magalasi awiri, lina losweka pakona, sinki, benchi ndi chowumitsira tsitsi chaphokoso ngati njinga yamoto. Anakhala pabenchi kudikira.

Posakhalitsa munalowa mayi wina wovala magalasi akuda, atakulunga sikafu m'khosi ngakhale kunja kunkatentha. Perefyumu wake anadzaza chipinda chonse. Koma pansi pa perefyumuyo panali fungo linanso, lofanana ndi la nyama yoiwalika m'pepala la pulasitiki.

"Mwana, awa ali ndi nthawi yawo, ayambe ndi iwo," anatero mwini saluni. "Kungochapa basi, sitichedwa."

Mayiyo anakhala pasinki. Anavula magalasi, kenaka sikafu. Katsabola ankaona zonse pagalasi.

Chipumi chinali choyera mbuu ngati pepala, mitsempha yobiriwira ikuonekera m'kati. Koma masaya onse awiri anali akuda bii ngati awotchedwa ndi simbi. M'khosi munali mizere yofiira, ina yong'aluka. Kuseri kwa khutu kunali chilonda chophimbidwa ndi thonje, ndipo thonjelo linali litanyowa ndi madzi achikasu mpaka kumatirira kutsitsi.

Mwini saluni anachapa tsitsilo mosamala, ngati akusambitsa khanda. Atamaliza anatenga thaulo loyera n'kulikhazika pakhosi pa mayiyo. Sanapukute, anangoligunditsa pang'ono. Koma pochotsa, pathaulopo panatsalira kachikopa kopyapyala ngati kamene kamayandama pamwamba pa mkaka wowiritsa. Kanali ndi timadontho ta magazi. Ntchentche inatera pomwepo.

Katsabola anayang'ana kumbali. Koma maso ake anabwereranso pagalasi.

Kenaka mayiyo anatsegula chikwama, n'kutulutsa kabotolo kopanda cholembedwa. Atatsegula chitsekerero, Katsabola analidziwa fungolo asanaone n'komwe zam'kati. Linali fungo la m'bafa la kwawo m'mawa uliwonse.

2. Mawu a mayi wa magalasi

"Ukundiyang'ana?" anafunsa mayiyo, maso awo atakumana pagalasi.

"Ayi, amayi, pepani."

"Yang'ana, usapepese. Tabwera kuno."

Katsabola anapita akukoka miyendo. Mayiyo anamugwira dzanja, n'kulitembenuza. Kumsana kwa dzanjalo kunali koyera, koma mfundo za zala zinali zakuda. Katsabola ankazibisa m'manja mwa juzi kusukulu.

"Mwezi wachingati?"

"Wachisanu ndi chiwiri," anayankha chapansipansi.

"Ine chaka cha khumi ndi chisanu ndi chinayi," anatero mayiyo. "Khala apa undimve, poti ine panalibe wondiuza. Ndinayamba ndili ngati mmene unalili iwe, wakuda bwino, khungu losalala moti ntchentche ikanaterereka. Ndinkagwira ntchito pa ofesi ina, pa tebulo lolandirira alendo. Mnzanga anandiuza kuti ndingodzola mwezi umodzi, ndiwale pang'ono. Ndinawaladi. Anthu amene kale ankangondidutsa anayamba kundipatsa moni. Ndinkati ndapeza mwayi.

"Chaka chachitatu mafuta aja anasiya kugwira, ndinagula amphamvu. Chaka chachisanu ndinayamba kusakaniza mitundu itatu m'mbale ndi supuni. Masaya akuwaonawa anayamba ngati kadontho. Ndinkati ndikawonjezera mafuta kachoka, koma kankangokula. Pamene ndinabereka mwana wanga wotsiriza anandichita opaleshoni. Adokotala ankati akasoka, ulusi n'kudula khungu ngati ukusoka nsalu yovunda. Chilonda chimene anzanga chinawapolera milungu itatu, ine ndinagona nacho miyezi inayi. Mwana wanga ndinkamuyamwitsa nditatembenuza nkhope, kuopa kuti mafinya angamudonthere.

"Lero anthu aja ankandiyamikira aja ali kuti? Ndikakwera basi munthu amasuntha, n'kutsegula windo. Mdzukulu wanga safuna kuti ndimupsompsone, amati agogo mukununkha. Ndipo sanama mwanayo. Ine ndemwe ndimadzimva."

Ankalankhula uku chala chili m'botolo. Anatapa mafuta aja n'kuyamba kupaka pachipumi, pamasaya, mpaka m'mbali mwa chilonda.

"Nanga bwanji mukudzolabe?" anafunsa Katsabola. Pakamwa pake panali patatsogola kale iye asanaganize.

Mayiyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ukuyesa ndi nsapato izi, zoti ungovula? Ndikangosiya masiku awiri nkhope imayaka moto, imatupa, maso n'kutsekeka. Zimenezi zikakugwira sizikutaya, mwanawe."

Katsabola sanadikirenso. Anathamangira panja n'kukasanza m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, anthu odikira basi akumuyang'ana. Tsitsi sanalukitse.

Atafika kunyumba anadutsa amayi ake ali pa makina, n'kukatulutsa sokosi ija. Mafuta onse anawakhuthulira m'chimbudzi. Botolo anakaliponya m'bini ya kumsewu. Kenaka anasamba katatu, akudzikhula mpaka sopo kutha, koma ankamvabe ngati fungo lija lili m'mphuno.

"Sindidzadzolanso," anauza khoma la bafa. Ndipo pa nthawi imeneyo ankanenadi zoona.

3. Nkhope iyaka moto

Lamlungu panalibe chimene chinachitika. Lolemba nkhope inayamba kuyabwa. Lachiwiri inafiira, ikutentha ngati wayandikira mbaula. Lachitatu m'mawa anadzuka masaya atatupa, tiziphuphu tating'onoting'ono titadzaza kuyambira pachibwano mpaka m'mphepete mwa tsitsi. Tina tinali titaphulika usiku, pilo yonse madontho okhaokha.

Anadziyang'ana pa kagalasi ka m'bafa n'kulavula. Anachoka amayi ake akadali kuchipinda, osamwa ndi tiyi yemwe.

M'kalasi anakhala pakona, buku ataliimika patsogolo pa nkhope. Koma mnyamata wina wa kumbuyo, wosasowa chonena, anasuzumira n'kukuwa, "Anzanga, Katsabola lero wadzipaka tsabola weniweni!" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Masiku ena akanamubwezera mawu oti mnyamatayo akanalira nawo. Tsiku limenelo anangowerama.

Pa nthawi yopuma kagulu kanakumana kuseri kwa holo, kumene ankayeserera kuvina. Dona anali atakhala pa desiki yothyoka, miyendo atapingasa. Anali wamtali, woyera kuposa onse, ndipo paudala sankachoka pankhope pake. Pambali pake panali Mawaya, amene anamutcha choncho chifukwa cha miyendo yake yoonda, ndi mtsikana wina wachete amene ankangovomereza zilizonse.

"Mayo ine!" anatero Dona. "Wagwera mumng'oma wa njuchi?"

"Ndasiya mafuta aja."

Onse atatu anayang'anana.

"Wasiya? Wakuuza ndani kuti usiye?"

Katsabola anafotokoza za mayi wa kusaluni, za chilonda, za thaulo. Mawaya anagwira pakamwa. Koma Dona anangopukusa mutu.

"Amenewo ndi azimayi osadziwa kudzola, ongosakaniza zilizonse. Athuwa ndi ena, msuweni wanga amachita kuwasankha. Taona ine, zaka ziwiri, ndili ndi chilonda?" Anatembenuza nkhope uku ndi uku. "Komanso ndikuuze, mzanga. Palibe amene amasiya. Msuweni wangayo anayesapo, anangotha sabata imodzi, anabwerera akulira. Ukangosiya umada kuposa kale. Ufuna ubwerere kukhala Makala? Ndiye pano ukhala Makala a ziphuphu."

Dzina lija linamulasa Katsabola ngati singano.

"Iwe Dona, usatero," anatero Mawaya mwamantha.

"Ndikumuthandiza! Lachisanu kubwera wojambula zithunzi. Makolo onse adzakhala muholo. Ine sindingaime pasiteji ndi munthu wa nkhope ngati chinanazi." Anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa kabotolo katsopano, n'kukalowetsa m'thumba la chikwama cha Katsabola. "Dzola madzulo ano ndi mawa. Pofika Lachisanu zonsezi zidzakhala zitaphwa. Ukapanda kutero, pali kamtsikana ka Fomu 2 kamene kakudziwa kale masitepe ako onse."

Belu linalira. Katsabola ananyamula chikwama chake. Botolo sanalitulutse.

4. Chala m'botolo

Madzulo a tsikulo dzuwa lisanalowe, anadzitsekera m'bafa. Kuchipinda chochezera makina a amayi ake ankalira, kuima, n'kuliranso.

Nkhope inkayabwa moti ankalakalaka kuikanda ndi foloko. Anatsegula botolo. Fungo lija linatuluka, ndipo nthawi yomweyo anaona thonje lachikasu lomatirira kutsitsi. Komabe chala anachilowetsa. Mafutawo anali ozizira bwino. Ankadziwa kuti akangopaka, moto uja uzima.

Anaima choncho, chala chili m'mwamba, mafuta akutsetsereka kulowera m'chikhatho.

"Iwe, m'bafamo wagonamo?" Anali amayi ake. "Ndikufuna madzi a simbi, tsegula."

Loko wa chitsekocho anali wakufa kalekale. Amayi anangokankha.

Anayang'ana nkhope, anayang'ana chala, anayang'ana botolo. Tepi yoyezera inali m'khosi mwawo. Anaigwira ndi manja onse awiri ngati ikufuna kugwa.

"Chimenechi n'chiyani?"

Katsabola anawauza zonse, kuyambira tsiku limene Dona anamupatsa botolo loyamba.

"Miyezi isanu ndi iwiri, m'nyumba mwanga muno!" anakuwa amayi. "Khungu limene ndinakubereka nalo lakulakwira chiyani? Ulibe manyazi?"

"Nanga si inu munkaseka, amayi?"

"Ukuti chiyani?"

"Makasitomala anu akamati ndikuwala, inu munkaseka. Munkati ndi kukula. Ndili wakuda palibe ndi mmodzi yemwe ananenapo kuti mwana wanuyu ndi wokongola. Ankangofunsa ngati ndakhoza mayeso."

Amayi anakhala pa ndowa yovundikira imene inali pakona.

"Pukuta chalacho," anatero kenaka, mawu atatsika. Anang'amba pepala la m'chimbudzi n'kumupatsa. "Wanena zoona, ndipo zikundinyansa ine mwini. Ndinkaona. Mayi amene amayeza anthu tsiku ndi tsiku angalephere kuona kuti khosi la mwana wake lasiyana ndi makutu? Ndinkaona, koma mawu a anthu aja ankanditsekemera. Ndinkamva ngati akuyamikira ine. Tamvera tsono. Anthu amenewo ndimawadziwa, ndimawayeza m'chiuno. Amene amati ukuwala uja, sabata yatha anandiuza kuti mwana wa mnzake wanenepa ngati thumba. Mawa adzanenanso za wina. Pakamwa pawo sipakhala chinthu tsiku lonse. Ndiye iwe ungapereke khungu lako, limene udzagone nalo ndi kudzuka nalo mpaka ukalamba, kwa munthu amene akatuluka pakhomo pano wakuiwala kale? Ine ndinalakwa kuseka. Iwe unalakwa kudzola. Tiye tonse tisiye."

"Sizisiyika, amayi. Taonani nkhope yangayi. Masiku anayi okha."

"Zimenezo akanene ndi a chipatala. Mawa m'mawa sindikutsegula makina. Bweretsa botololo."

Analikulunga m'kansalu kotsala, kawiri, ngati akunyamula khoswe wakufa.

5. Kwa anamwino

Pachipatala anadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Katsabola anali atafunda mpango wa amayi ake. Mwana wina wa pamsana ankangomuyang'anitsitsa.

Amene anawalandira anali namwino wachikulire, wa imvi m'mbali mwa kachipewa kake, wakuda ngati mmene Katsabola analili kale. Anavala magolovesi, n'kumutembenuza nkhope kuloza kuwindo. Anayang'ana m'khosi, m'mikono ndi kuseri kwa mawondo. Kenaka anatsegula botolo lija, n'kulinunkhiza patali, n'kukwinya mphuno.

"Ili ndi lachitatu sabata ino," anatero. "Litsala konkuno, tikaliyezetse. Tsono iwe, ukufuna kusiya, kapena akufuna ndi amayi akowa?"

"Ndikufuna ndine. Zikundinyansa. Koma sindingathe."

"Wakuuza ndani kuti sungathe?"

"Aliyense akutero."

"Aliyense ndi anthu angati? Tawatchula."

Katsabola anaganiza. "Mayi wina kusaluni. Ndi mnzanga wa kusukulu."

"Awiri. Ndipo onsewo akudzolabe, si choncho?" Anamwino anavula magolovesi n'kuwaponya m'bini. "Ndiye wafunsa njira yotulukira kwa anthu amene ali m'kati. Tandimvera ine, amene ndaona otuluka.

"M'mabotolo otere nthawi zambiri mumakhala mankhwala amphamvu amene ife timapereka kwa odwala khungu, kwa masiku ochepa, pa malo ochepa. Iwe wawapaka thupi lonse miyezi isanu ndi iwiri. Khungu lako linazolowera. Utawachotsa mwadzidzidzi, lakwiya. Moto ukuumvawu si chizindikiro choti sungathe kusiya ayi. Ndi khungu likudzuka. Anzako aja amafika pomwe wafika iwepa, n'kuchita mantha, n'kubwerera. Akabwerera amauza ena kuti kutsogolo kulibe njira, chonsecho sanapiteko.

"Sindikunamiza, mwanangu. Milungu iwiri ikubwerayi udzaoneka moipa kuposa lero. Udzasenda ngati njoka. Udzada, mwina kuposa kale, mawangamawanga, kenaka pang'onopang'ono mtundu wako udzabwerera. Zingatenge miyezi iwiri, zingatenge inayi. Anzako adzakuseka, zimenezo ndilibe nazo mankhwala. Koma khungu lako likadali lolimba, ndaliona. Mitsempha sinayambe kuonekera. Wabwera nthawi yabwino. Ena amabwera kuno impso zitatupa, shuga atakwera, chifukwa zimenezi sizithera pakhungu, zimalowa m'magazi. Amenewo ndimawathandiza ndikulira mumtima. Iwe ndikuthandiza ndikuseka."

Anapita nawo kwa adokotala, amene analemba mankhwala. Pobwera anamwino anafotokoza bwinobwino: kachubu ka mankhwala ofatsa koti azipaka mochepetsa sabata ndi sabata mpaka kusiyiratu, mapiritsi oletsa kuyabwa, ndi mafuta wamba opanda fungo. Sopo akhale wosanunkhira. Padzuwa azivala chipewa.

"Ndipo kukayabwa kwambiri, m'malo mokanda, nyowetsa kansalu m'madzi ozizira uike pankhope. Ubwerenso Lachinayi likudzali. Ukadzalephera n'kudzolanso zija, ubwerebe, usadzabisale. Wamva?"

"Ndamva."

"Ungathe?"

Katsabola anayang'ana kachubu kali m'dzanja lake. Kanali kakang'ono ngati chala.

"Mpaka Lachinayi ndingathe," anatero.

"Basi, ndi zomwe ndikufuna. Za Lachinayi linalo tidzakambirana pa Lachinayi."

Madzulo amenewo amayi anasiya diresi la kasitomala lili theka, n'kumusokera chipewa cha mlomo waukulu pa nsalu yotsala ya yunifolomu.

6. Tsiku la chionetsero

Lachisanu Katsabola anaima pageti la sukulu nthawi yaitali. Khungu la pachibwano linali litayamba kusenda. Akanatha kubwerera, amayi ake anali atamuuza kuti akhoza kukhala kunyumba. Anakokera chipewa kutsogolo n'kulowa.

Anawapeza anzake m'kalasi ya pafupi ndi holo, akuvala. Anali atavala masiketi ofiira ndi mabulauzi opanda manja, zibangili zachitsulo zili m'mikono. M'chipindamo munkanunkha paudala, thukuta ndi fungo lina lija. Katsabola anapumira m'kamwa.

Dona anamuvula chipewa osapempha, n'kuchiponya pansi. Anayang'ana, n'kubwerera m'mbuyo.

"Sunadzole."

"Sindinadzole."

"Ndiye botolo langa bweza."

"Lili kuchipatala. Akuti akaliyeza aone zimene zilimo."

Nkhope ya Dona inasintha pansi pa paudala. "Wakanditchula?"

"Sindinatchule munthu. Ndinapita za nkhope yanga."

"Nkhope yake iti?" Dona anaseka mokweza kuti ena onse amve. "Atsikana, taonani, Makala ayamba kusanduka phulusa!"

Ena anaseka. Mawaya sanaseke, ankangotembenuza chibangili chake. Katsabola anamva misozi ikubwera, koma pakamwa pake panafika msanga kuposa misoziyo.

"Makala angawa akuonekera poyera, Dona. Ukasamba madzulo, paudalayo atachoka, udzandiuze za ako."

Anatola chipewa chake pansi, n'kuchikung'untha, n'kutuluka. Kumbuyo anamva Dona akuitana kamtsikana ka Fomu 2 kaja kuti kavale siketi ya Katsabola.

Muholo anakhala kumzere wotsiriza, pafupi ndi chitseko. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamuyang'ana kamodzi n'kusunthira chikwama chake mbali ina. Nkhope inkayabwa. Katsabola anakhalira manja ake onse awiri kuti asakande.

Nyimbo yawo inayamba. Ankadziwa sitepe iliyonse, ndipo mapazi ake ankagunda okha pansi pa mpando. Kamtsikana kaja kanaphonya potembenuka kawiri konse. Chakumapeto, pamene ovina amadutsana mothamanga mikono ili m'mwamba, Dona anachita ngati wapunthwa. Anamaliza kuvina dzanja lina litagwira mkono, ndipo anthu akuwomba m'manja iye anali atatsika kale pasiteji.

Wojambula zithunzi anaitana kagulu kovina. Panabwera awiri okha.

Katsabola anamva wina akumukoka juzi. Anali Mawaya, akupumira m'mwamba, atasuzumira pachitseko. Anamukokera panja pakhonde.

"Tiye msanga. Dona wadzitsekera kuchimbudzi cha atsikana."

"Ndiye ine ndikatani? Akaseke phulusa?"

"Iwe, si zocheza!" Mawaya anakweza mkono wake. Chibangili chinali ndi magazi. "Chinangomukhudza pang'ono podutsana paja. Pang'ono pokha, ndikulumbira. Koma khungu lang'ambika kuchokera apa mpaka apa, ngati pepala lonyowa. Tamanga ndi sokosi, magazi sakusiya. Akuti tikangouza aphunzitsi atipha, chifukwa bambo ake ali muholomu ndipo sadziwa chilichonse. Akuti ndiitane iwe. Akuti iwe ukudziwa anamwino a kuchipatala kuja."

Katsabola anayang'ana kumapeto kwa khonde, kumene kunali zimbudzi. Pasimenti panali timadontho tofiira, totsatana mpaka pachitseko.

Si iye yekha amene anaona timadonthoto. Kuchokera ku ofesi kunkabwera aphunzitsi aakulu, mapepala a mphoto ali m'manja. Anaima, anayang'ana pansi, kenaka anakweza maso n'kuwayang'ana atsikana awiriwo.

"Inu awiri," anatero. "Magazi awa ndi a ndani?"